Mutu 6: Kankhokwe Kowala

1. Manja a Malita

Malita atalemba mayeso a Folomu 4 sanakhale pakhomo. Bambo ake, a Hopeson Chimphepo, anakamupezera malo pa sitolo ya a Kanyenda pa Nsaru kuti aziphunzira ntchito podikira zotsatira.

A Kanyenda anali mphunzitsi wopuma. Iwo ndi a Hopeson anali akulu a mpingo umodzi, ndipo ubwenzi wawo unali wa zaka zambiri. M'sitolo mwawo munali kompyuta imodzi, makina osindikizira ndi makina a fotokope. Anthu ankabwera kudzalembetsa makalata, kudzapangitsa makadi a ukwati ndi mapepala a ndondomeko ya maliro.

Panali ntchito imodzi imene inkawavuta a Kanyenda chifukwa maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. Inali yokonza tizithunzi ting'onoting'ono, tija timakhala pamwamba pa kalata ya sukulu kapena pachifuwa pa yunifolomu. Anthu ankabwera nato titafwifwa, tina tojambulidwa ndi foni yakutha.

Malita anaiphunzira ntchitoyi m'masabata atatu okha. Ankatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi n'kukakulitsa kachithunziko mpaka kadzaze galasi lonse la kompyuta. Akatero ankaona timabokosi tambirimbiri timene timapanga chithunzi, kalikonse ndi mtundu wake. Tofwifwa ankatiwonjezera utoto, tothimbirira ankatiwalitsa, ndipo m'mphepete mokhotakhota ankawongolamo. Akakabweza pa msinkhu wake, kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kankaoneka ngati kangochoka kumene ku fakitale.

Atsikana a timu ya ntchembere mbaye anabwera ndi chizindikiro chawo cha duwa la mpendadzuwa. Chinali chitasuluka mpaka chinkaoneka ngati dzira lophwanyika. Malita atachikonza, atsikanawo anakuwa m'sitolomo mpaka anthu a pa golosale yoyandikana anabwera kudzasuzumira.

"Mwana iwe uli ndi maso a kabawi," anatero a Kanyenda tsiku limenelo. "Ungowasamala."

2. Mlendo wa Njinga Yamoto

Tsiku lina la msika, kumayambiriro kwa Okutobala, pakhomo pa sitolo panaima njinga yamoto yofiira. Amene anatsikapo anali mnyamata wa zaka ngati makumi atatu, wovala jekete yachikopa ngakhale kunja kunkatentha. Anati dzina lake ndi Aubrey.

"Mwaswera bwanji, madala?"

"Taswera bwino, kaya inu achimwene. Tikuthandizeni?"

Aubrey anatulutsa m'chikwama thumba lopanda kanthu la mbewu ya chimanga n'kuliyala patebulo. Pa Nsaru panalibe mlimi wosalidziwa thumba limenelo. Anthu ankangoti mbewu ya kankhokwe, chifukwa pakona pake pankamatidwa kapepala kokhala ndi kachithunzi ka nkhokwe ya denga lofiira, tsamba lobiriwira ndi dzuwa lachikasu, zonse mkati mwa mkombero wabuluu.

"Ine ndimagwira ntchito ku kampani ya mbewu imeneyi," anatero Aubrey. "Timapepala tathu tomata tatithera, ndipo alimi akudikira. Ndinayesa kusindikizitsa kwina, koma taonani zimene anandipatsa."

Anaonetsa kapepala kena. Nkhokwe inalipo, koma denga lake linali lotuwa ngati dothi louma, ndipo tsamba linkaoneka ngati lafota.

"Ndamva kuti muno muli mtsikana wodziwa kudzutsa utoto."

Malita, amene anali pa kompyuta, anamwetulira osatembenuka.

A Kanyenda anayandikitsa kapepalako kumaso kwawo. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi kalata ya ku kampaniko muli nayo? Yodinda, yonena kuti akutumani?"

"Aa, madala, kantchito kakang'ono ngati aka mpaka kalata?"

"Kampani yaikulu ya mumzinda ingasowe kosindikizira mpaka kubwera kuno kwa nkhalamba ya makina amodzi? Pepani achimwene, ntchito imeneyi muno sitigwira."

Aubrey anaseka, anapinda thumba lake n'kutuluka. Ali pakhomo anacheuka n'kuyang'ana Malita.

Njinga itapita, a Kanyenda anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi mtsikanayo.

"Malita, siya kaye zimenezo undimvere. Ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo amene ndinkawadera nkhawa kwambiri sanali mbuli ayi, anali anzeru. Mbuli ikalakwa imadzipweteka yokha. Wanzeru akalakwa amagwetsa mudzi. Kachithunzi kaja ukukaona kuchepa, eti? Mlimi wa kuno satha kutsegula njere kuti aone ngati muli moyo. Ambiri sawerenga n'komwe zolembedwa pa thumba. Chimene amadalira ndi kachizindikiro kaja. Akakaona amatulutsa zimene wasunga chaka chonse, chifukwa kachithunziko kakumulonjeza kuti ana ake adzadya. Ndiye ukamakonza chizindikiro cha munthu, dziwa kuti ukulumbira m'malo mwake. Ukunena kuti chimene chili m'katimu ndi choona. Ngati sunachione, usalumbire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu uja akadzabweranso ine kulibe, udzamuuze kuti eni ake anakana. Wamva?"

"Ndamva, Aphunzitsi."

3. Tsiku Limene a Kanyenda Anachoka

Patatha sabata imodzi, a Kanyenda anapita kuchipatala kukaonetsa maso awo. Anasiya makiyi m'manja mwa Malita ndipo anati abwerako mawa lake.

Dzuwa lisanafike pamutu, njinga yofiira ija inaima pakhomo.

"Asisi, muli nokha lero?"

"Aphunzitsi anati ntchito yanu ija sitigwira."

"Ndikudziwa. Sindinabwerere zimenezo." Aubrey anatsamira tebulo n'kuyang'ana zithunzi zimene zinamatidwa pakhoma. "Mpendadzuwa uwu munakonza ndinu? Ndi mtanda uwu? Asisi, mukudziwa kuti manja anuwa akungowonongeka pano? Achimwene anga ali ndi malo aakulu osindikizira m'tauni mu Lilongwe. Makompyuta khumi, atsopano okhaokha. Akufuna munthu wodziwa utoto, ndipo akusowa. Ana a ku koleji amabwera ndi mapepala awo, koma zimene mumachita inuzi sazitha."

Malita anasiya kulemba.

"Ine ndikhoza kukutengerani kumeneko Khirisimasi isanafike. Koma ndikawaonetse chiyani? Mpendadzuwa wa ntchembere mbaye? Adzandiseka. Akaona kuti mwakonza chizindikiro cha kampani yeniyeni, chosasiyana ndi chenicheni, sadzafunsanso zambiri."

"Nanga mbewuyo ndi yeniyeni?"

"Asisi, nkhope yangayi ikuoneka ya wakuba? Madala aja akalamba, amaopa chilichonse. Inu mukufuna kudzakalambira pano mukusindikiza mapepala a maliro?"

Malita anayang'ana pakhomo. Kunja kunali mayi wogulitsa tomato yekha. Anatambasula dzanja n'kulandira thumba lija.

Analijambula, n'kulowetsa chithunzicho mu kompyuta. Anakulitsa kankhokwe kaja mpaka timabokosi tonse tinaonekera. Anayamba ndi denga. Anayesa kufiira kwa mitundu inayi, akuyerekeza ndi thumba limene linali pambali pake, mpaka anapeza koyenera. Tsamba analipatsa kubiriwira kwa chimanga cha masabata atatu chothiridwa feteleza. Dzuwa analiwalitsa pakati n'kulizimitsa pang'ono m'mphepete. Atafika pa mkombero anaona kuti buluu wa pa thumbalo ndi wozizira, ndipo anamukometsera pang'ono, kumudetsa monga mmene iye ankakondera.

Ntchitoyi inamutengera maola atatu. Sanadye, sanamwe madzi. Atasindikiza kapepala koyamba n'kukaika pambali pa thumba, Aubrey anaimba mluzu.

"Kanu kakuposa ka eni ake!"

Malita anasindikiza mpaka mapepala omata onse a m'sitolomo anatha. Aubrey anamuuza kuti amukoperenso chithunzicho mu fulashi yake, anamupatsa nambala ya foni, ndipo ananyamuka. Kutsidya kwa msewu kunali munthu wina wachipewa amene ankamudikira, ndipo anakwera kumbuyo kwa njingayo.

A Kanyenda atabwera anafunsa kumene mapepala omata anapita.

"Anabwera a kusukulu ya mkaka, ndinawasindikizira mayina a ana," anatero Malita akuyang'ana pansi.

A Kanyenda anangoti, "Chabwino."

4. Matumba Atatu

Kwawo kwa Malita kunali kumudzi, mtunda wa ola limodzi pa njinga kulowera njira ya ku Nambuma. Chaka chimenecho anankafumbwe anali atawononga chimanga cha makolo chimene mayi ake, a Febe, anasunga kuti chidzakhale mbewu. Choncho a Hopeson anagulitsa mbuzi zawo ziwiri kuti agule mbewu ya m'sitolo.

Loweruka lina mu Novembala anafika kuchokera kumsika akuimba nyimbo ya m'buku. Anatsitsa matumba atatu pa njinga n'kuwaika pakhonde.

"Amake Malita, bwerani mudzaone! Ya kankhokwe. Mnyamata wina wabwera nayo pa msika, yotsika mtengo kuposa ya m'masitolo. Akuti kampani ikufuna kuthandiza alimi a kumudzi."

"Yotsika mtengo?" anafunsa a Febe. "Abambo, mwaonetsetsa koma? Chaka chatha anthu analira ndi mbewu zachinyengo."

"Mukundiyesa mwana? Malita, bwera kuno uphunzire, nawenso udzakhala ndi munda wako. Alangizi anatiuza ku kalabu yathu ya alimi kuti mbava zimatha kuba thumba, zimatha kupaka chimanga utoto, koma kachizindikiro aka kamazivuta. Kachinyengo kamakhala kofwifwa, denga lotuwa, tsamba lodwala. Tsono taona aka. Taona kufiira kwake! Taona tsambali, ngati ulithyole. Aka ndi kenikeni. Ndawauza anzanga onse a mu kalabu, ndipo mabanja khumi ndi limodzi agula pomwepo ine ndikuona."

Malita ananyamula thumba limodzi. Anayang'ana denga, anayang'ana dzuwa, kenaka mkombero. Buluu wake anali wodera, uja ankamukonda iye.

Anaika thumbalo pansi mofulumira ngati lamuotcha.

"Bwanji?" anafunsa bambo ake.

"Palibe, Ababa. Ndi kokongola."

Anazungulira kuseri kwa khola n'kuimba nambala ija. Aubrey anayankha foni italira kachitatu.

"Achimwene, mbewu ija bambo anga agula. Ndiuzeni zoona, ndi yeniyeni?"

"Chimanga ndi chimanga, asisi. Chimera."

"Ndikawauza bambo anga."

Mawu a Aubrey anasintha. "Kawauzeni. Koma muyambe mwaganiza kuti anakonza chizindikiro ndi ndani. Ine sindidziwa n'komwe kuyatsa kompyuta. Apolisi akabwera adzayambira pa inu, mwana wa mkulu wa mpingo. Ndipo za ku tauni zija muiwale."

Foni inaduka. Malita atayesanso, inali yozima.

Mvula yobzalira inagwa sabata yomaliza ya Novembala. Banja lonse linalawirira kumunda. A Hopeson ankatsogola ndi khasu kukumba mapando, a Febe ndi Malita ankaponya njere n'kukwirira ndi phazi. Atafika pa mzere wachisanu, a Febe anaima n'kuyang'ana zikhatho zawo.

"Abambo, utotowu ukuchoka kwambiri bwanji? Ndipo njere zina ndi zofumbwa. Malita, iwe wa kusukulu, tayang'ana. Mbewu ya m'sitolo imakhala chonchi?"

A Hopeson nawo anaima, atatsamira khasu, kudikira yankho la mwana wawo. Matumba awiri anali asanatsegulidwe. Masitolo a pa Nsaru anali akadali ndi mbewu, ndipo nthaka inali ikadali yonyowa.

"Ndi mankhwala chabe, Amayi," anatero Malita. "Imakhala choncho."

Anawerama n'kupitiriza kuponya njere.

5. Munda Wopanda Kanthu

Patatha masiku asanu ndi awiri, minda ya anthu ena inayamba kuonetsa timisonga tobiriwira m'mizere. M'munda mwa a Hopeson munamera apa kamodzi, uko kamodzi, ngati mano a nkhalamba.

"Mwina tinakwirira kwambiri," anatero a Hopeson. "Tidikire."

Anadikira mpaka tsiku la khumi. M'mawa wa tsikulo anatenga Malita kupita naye kumunda. Anagwada pa mzere n'kufukula phando ndi chala. Anatulutsa njere yofewa, yakuda, yonunkha. Anafukula lina, ndi lina, mpaka anafika kumapeto kwa mzere akuyenda ndi mawondo. Atafika kumeneko anakhala pansi m'matope, njere zowola zili m'manja.

Malita anali asanaonepo bambo ake atakhala pansi m'munda.

Masana ake anthu a mu kalabu anayamba kufika pakhomo mmodzimmodzi. Sanabwere ndi ndewu. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi njere zake zowola m'kapepala kapena m'nsonga ya chitenje. Womaliza kufika anali a Nagama, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu anayi.

"A Chimphepo," anatero a Nagama, "ine sindidziwa kuwerenga. Ndinamva inu mukuti iyi ndi yeniyeni, ndipo ndinati mkulu wa mpingo sanganame. Ndinagulitsa nkhuku zonse, ndi mtedza umene ndinasungira ana. Sindinabwere kudzakuzengani mlandu. Ndangobwera kuti mundiuze, poti inu ndinu odziwa, kuti ana ajawa ndidzawapatsa chiyani mu Febuluwale."

 A Hopeson anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

Zopakiza zinali zitavuta. Mbewu yeniyeni inali itatha m'masitolo ambiri, ndipo kumene inatsala inali itakwera mtengo. Mbuzi zinali zitapita kale. A Febe anayenda kwa abale awo ku Kabudula n'kubwerako ndi kambale kamodzi ka chimanga cha makolo. Anabzala kachigawo kakang'ono kumunsi kwa munda, koma mvula inadula masabata awiri, ndipo timene tinamera tinapserera.

Lamulungu lotsatira a Hopeson sanakhale kutsogolo pamodzi ndi akulu anzawo. Anakhala pa benchi ya kumbuyo, ndipo nyimbo sanaimbe. Pobwerera kunyumba anadutsira kumunda ali ndi Malita. Udzu unali utayamba kudzaza m'mizere.

"Malita, mwana wanga, ndikuuze mawu awa, uwasunge. Wakuba wothyola nyumba ndi wabwinoko. Amatenga wailesi, amatenga bulangete, mawa umadzuka n'kuyambanso. Koma amene wachita izi watibera chaka. Chaka sichibwezedwa. Mvula ija yapita, sidzagwanso chifukwa choti Hopeson ananamizidwa. Ndipo sindikulira za mimba yanga yokha. Dzina langa ndalisunga zaka makumi asanu, sindinadyepo cha munthu. Lero ana a Nagama akagona ndi njala adzatchula ine. Mnyamata wogulitsa uja ndi wakuba wamba, ndikhoza kumukhululukira. Amene sindikumumvetsa ndi uja anakhala pansi, munthu wophunzira, wa luso lopatsidwa ndi Mulungu, n'kumakometsera bodza kuti ife osauka tilikhulupirire. Ameneyo ankadziwa kuti kumapeto kwa ntchito yake kuli munda wa munthu. Kaya ali ndi makolo? Kaya amadya chimanga? Iwe uli ndi luso ngati lomwelo. Ukadzaona munthu akulitengera kumeneko, udzathawe ngati wathawa njoka."

Misozi inayamba kutsika m'masaya mwa Malita. Bambo ake anamugwira dzanja.

"Usalire, mwana wanga. Iwe walakwa chiyani?"

Kuyambira tsiku limenelo Malita sankadya bwino. Ku ntchito ankangokhala duu kuyang'ana galasi la kompyuta. Mphunzitsi wina atabwera ndi chizindikiro cha sukulu yake kuti achikonze, Malita anati mutu ukumupweteka. A Kanyenda ankamuyang'ana, koma sanamufunse kanthu.

6. Galimoto ya Apolisi

Alimi a m'midzi isanu ndi umodzi anakadandaula kwa alangizi, ndipo alangizi anapita nayo nkhaniyo ku polisi. Sabata ya Khirisimasi isanafike, mnyamata wachipewa amene ankagulitsa mbewuyo anagwidwa pa msika wa ku Mpingu. Aubrey sanapezeke. Atafunsidwa kumene timapepala tomata tinachokera, wachipewayo anati iye anangodikira kutsidya kwa msewu, koma sitolo yake akuidziwa.

Linali tsiku la msika pamene galimoto ya apolisi inaima pakhomo pa a Kanyenda. Anthu anasiya malonda awo n'kuthamangira komweko. Ambiri mwa iwo anali alimi a minda yopanda kanthu. A Hopeson, amene anabwera kudzafuna mbewu ya mbatata, anali pakati pawo.

Apolisi awiri analowa. Mmodzi anakhala pa kompyuta n'kuyamba kufufuza. Sipanatenge nthawi. Kankhokwe kaja kanadzaza galasi lonse, denga lofiira, tsamba lobiriwira, kakuwala ngati tsiku limene kanakonzedwa. Anthu amene anali pazenera anakaona, ndipo phokoso linabuka panja.

"Ndi omwewa! Mkulu wa mpingo!"

"Atulutseni tiwaone!"

Wapolisi wamkulu anatembenukira kwa a Kanyenda. "Bambo, chithunzi ichi chikutani mu kompyuta yanu?"

A Kanyenda anayandikira galasilo, anatsinzinira maso awo odwalawo, ndipo anachiyang'ana nthawi yaitali. Malita anali ataima pakona pafupi ndi makina a fotokope. A Kanyenda sanamucheukire.

"Sitolo ino ndi yanga," anatero. "Chilichonse chotuluka muno chili pamutu panga."

"Ndiye kuti mukuvomera?"

"Ndanena kuti sitolo ndi yanga."

Pazenera mayi wina anakuwa kuti, "Nanga si mtsikanayo ndi amene amakonza tizithunzi? Mufunseni nayenso!"

A Hopeson anakankha anthu n'kufika kutsogolo. Nkhope yawo inali itasintha.

"Mayi, samalani pakamwa panu! Mwana wanga ameneyu wabzala nafe mbewu imeneyi ndi manja ake. Waponya yekha m'mapando, mzere ndi mzere, m'munda umene amadyamo iye mwini. Munthu angabzale njala m'munda mwa bambo ake akudziwa? Mwana wake wa ndani angachite zimenezo?"

Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo mayi uja anabwerera m'mbuyo.

"Mwanayo musiyeni," anatero a Kanyenda motsitsa mawu.

Apolisi anazula mawaya a kompyuta n'kuinyamula. Kenaka anawatulutsa a Kanyenda. Panja anthu anawakuwiza, ena anawaponyera zitsononkho ndi makoko a nthochi. Mnyamata wina amene anaphunzitsidwa ndi iwo Sitandade 7 anawalavulira malovu pa malaya. Magalasi awo anagwa pansi ndipo wina anawaponda.

Pamene ankakwezedwa m'galimoto, a Hopeson anayandikira.

"A Kanyenda, ine ndinakupatsani mwana wanga kuti mumuphunzitse ntchito. Tadyera mbale imodzi, tagawa limodzi mgonero. Munandiona ndikugulitsa mbuzi zanga. Bwanji osandiuza, mnzanga?"

A Kanyenda anawayang'ana ndi maso opanda magalasi, ofiira, akutuluka misozi chifukwa cha dzuwa. 

Wapolisi wamkulu anaitanira a Hopeson pambali ndipo analankhula nawo pang'ono akulemba m'kabuku. Kenaka galimoto inanyamuka, ndipo anthu anayamba kubwerera ku malonda awo.

Malita anatola magalasi osweka aja. Anali akadawagwira pamene bambo ake anabwera kudzaima patsogolo pake.

"Taya zimenezo. Tamvera, apolisi akufuna mboni, munthu amene ankakhala m'sitolomu tsiku ndi tsiku. Ndawapatsa dzina lako. Mawa m'mawa tipita limodzi, ukawauze zonse zimene unaona mkuluyu akuchita. Usakaope kuti ndi mnzanga, usakaope kuti anakuphunzitsa ntchito. Ine ndawauza kuti mwana wa Hopeson sanama."

Malita anangofumbata magalasi aja.

Bambo ake anamugwira paphewa n'kuwerama kuti amuone m'maso.

"Ukanena zoona zokhazokha, eti mwana wanga?"